Kuyesa Mpunga ndi Supuni

Inu eni mabanja a kwa Malenga Chanzi, amene mulibe sikelo m'nyumba, tamverani. Supuni yaikuru yodzala mpunga wopuntha wouma, mutasalaza pamwamba pace ndi cala, ilemera ngati magalamu 12. Ya tiyi ngati magalamu 4 okha. Motero masupuni akuru 8 ayandikira magalamu 100, ndipo mukamapatsa munthu ali yense 8, kilogalamu imodzi ya Faya idzadyetsa anthu 10. Koma mukaunjika mpunga pasupuni, udzatha alendo asanakwanire.

Zikho sizilingana ai. Cifukwa cace werengani kamodzi masupuni olowa m'cikho ca mai wa kunyumba, kuti pambuyo pace aziyesa ndi cikho comweco. Musayese wophika, pakuti wamwa madzi, nulemera pafupifupi katatu.