Dzanja Lopuwala ndi Njinga ya Magiya m'Chigwa cha Luangwa

Aliyense amene anakhalapo ku Nkwali, m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa kufupi ndi Mfuwe, adziwa kuti njinga ndiyo imanyamula wodwala kupita naye kuchipatala cha Kakumbi, ndiyo imasenza chimanga cha kuchigayo, ndiyonso imafikitsa antchito kumakampu a alendo mbandakucha, njovu zikali kudutsa pamsewu. Kale njinga za kuno zinali za giya imodzi, monga Eagle zija ankazipanga ku Luangwa Industries ku Chipata. Koma lero zachuluka za magiya zochokera kunja, ndipo zadza ndi vuto limene ambiri salilingalira, vuto la munthu amene miyendo yake ndi yamphamvu koma zala zake sizitha kukankha kachitsulo kosinthira giya.

Anthu otere si ochepa m'chigwa muno. Wina analumidwa ndi mphiri pokolola, mnofu nkuwola, ndipo chilonda chitapola zala zinauma zili chopindika. Wina anapulumuka m'kamwa mwa ng'ona. Wina anagwera pamoto chifukwa cha khunyu. Wina anafa ziwalo mbali imodzi ndi sitiroko. Ndipo alipo akulu athu amene khate linawasiyira chizindikiro m'manja.

Za khate tiyenera kulankhula mosapsatira, pakuti mabodza ake atopetsa. Kufikira lero alipo okana kubwereka njinga ya munthu amene anadwalapo khate, ati nthenda yatsalira pachiwongolero. Ena ati zala zimathothoka zokha, ena ati analodzedwa. Zonsezi n'zachabe, ndipo n'zochititsa manyazi kuzimva pakamwa pa anthu opita kusukulu. Khate limadza ndi kachilombo kamene Gerhard Armauer Hansen anakaona ku Bergen, m'dziko la Norway, m'chaka cha 1873. Limafala mwa mpweya wa m'mphuno ndi m'kamwa pamene munthu akhala nthawi yaitali ndi wodwala wosalandira mankhwala, ndipo limachizika pa miyezi 6 kapena 12 ndi mankhwala amene World Health Organization yakhala ikupereka kwaulere kuyambira 1995. Chimene kachilomboka kamawononga ndi mitsempha yonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi dzanja, makamaka umene umadutsa kuseri kwa chigongono, uja umachita dzanzi ukaugunda pakhomo. Mtsemphawo ukafa, zala ziwiri zakumapeto zimapindika, kutsina kumafooka, ndipo khungu silimvanso kutentha kapena kulasa. Ukafanso mtsempha wapakati pa mkono, chala chachikulu chimalephera kukumana ndi zinzake; ndipo monga akulu ananena kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, dzanja lotero silitha kugwira kanthu kolimba.

Tsono giya imasintha motani? Kuchokera pachiwongolero pali waya wodutsa m'kapaipi kofewa kufikira kugudumu lakumbuyo, kumene kuli kachipangizo kokankha tcheni kuti ichoke pa mano ena kupita pa ena. M'kachipangizomo muli sipuling'i imene nthawi zonse imakokera tcheni ku mano aang'ono. Chotero wofuna giya yopepuka, yokwerera chitunda kapena yoolokera mchenga, ayenera kukoka wayayo molimbana ndi sipuling'i, ndipo pa njinga zambiri ntchito yonseyi imagwera chala chachikulu. Onjezanipo fumbi la mwezi wa Okutobala ndi matope a makande a m'dzinja, zimene zimalowa m'kapaipi ndi kuchititsa waya dzimbiri, mudzaona kuti mphamvu yambiri ya chala imangothera m'kulimbana ndi litsiro. Nchifukwa chake chithandizo choyamba, chimenenso chili chotchipa koposa, ndicho waya watsopano ndi kadontho ka mafuta.

Chachiwiri chidziwika kwa aliyense amene anazulapo chitsa ndi mtengo wautali: chogwirira chikatalika kawiri, mphamvu yofunika imachepa ndi theka. Wokonza njinga wa pansi pa mtengo ku Cropping akhoza kuchotsa chosinthira chodina ndi zala, n'kuikapo chachikale chija cha kamkono kamodzi, n'kulowetsa kamkonoko m'kapaipi kachitsulo kotalika ngati chala, n'kukulunga nsonga yake ndi mphira wa chubu chakutha; pamenepo wokwera amangokankha ndi chikhatho kapena ndi nkhonya, zala osagwira ntchito. Chosinthira chopotokola, chimene kampani ya SRAM inayamba nacho malonda ake, chimathandiza amene chala chachikulu chokha ndicho chinafooka, koma kwa amene satha kufumbata n'chopanda pake. Ngati dzanja lopuwala ndi lamanzere, nzeru ndiyo kuchotseratu magiya akutsogolo, kusiya tcheni pa mano apakati, kuti kusintha konse kukhale kudzanja lamanja.

Koma giya si imene imapha munthu. Chimapha ndi buleki. Wokwera amene watulukira njovu pokhota msewu ayenera kuima pomwepo, ndipo dzanja losatha kusintha giya nthawi zambiri silithanso kufinya buleki. Chilipo chogwirira chimodzi chokoka mawaya awiri, cha gudumu lakutsogolo ndi lakumbuyo pamodzi, chimene chimaikidwa kudzanja labwino. Koposa apo ilipo buleki yopondera mmbuyo ndi phazi, imene ili pa njinga ya Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, lokhazikitsidwa mu 2005. Mu 2024 bungwelo linatulutsa Buffalo ya magiya awiri ndi matcheni awiri, yotchedwa S2, imene giya yake imasinthidwa popalasa chobwerera mmbuyo, popanda waya wa giya. Komatu iyo mabuleki ake ndi am'manja, ndipo wogula ayambe wayesa dzanja lake asanatulutse ndalama.

Chotsiriza, chimene chimatidetsa nkhawa koposa, ndi dzanja losamva ululu. Munthu akhoza kupalasa kuchokera ku Nkwali kufikira ku Masumba chitsulo chotentha ndi dzuwa chikumupsereza, nsonga ya waya ikumulasa, iye osadziwa kanthu. Ndipo chilonda chosasamalidwa chikalowa mpaka kufupa, chala chimafupika, anthu n'kumati khate lachidya, pamene chachidya ndi chilonda. Chiwongolero chikulungidwe ndi nsalu kapena mphira wochindikala, manja ayang'anidwe madzulo alionse, ndipo chilonda chilichonse chionetsedwe kuchipatala msanga. Inu achibale, musamulande njinga munthu wotere pomuyesa wodwala wa moyo wonse, pakuti mukatero mwamulanda munda, msika ndi tchalitchi. Pitani naye pamodzi kwa wokonza njinga, kuti mmisiriyo aone yekha zala zimene zikugwira ntchito asanamasule bawuti ngakhale imodzi.