Kodi AC ya galimoto yanu ikuziziritsadi?

Amene anatsikirapo ku Chikwawa m'mwezi wa Okutobala, ana ali pampando wakumbuyo, amadziwa kuti makina oziziritsa m'galimoto, amene ambirife timangoti AC, si odzionetsera ayi. Koma ambiri pogula galimoto yakale amawayesa molakwika. Amaika dzanja pakabowo kotulukira mpweya m'mamawa kukadali kachisisira, n'kuvomera kuti zonse zili bwino. Dzanja limanama, abale anga. Nthawi imeneyo ngakhale fani yokha imamveka yozizira.

Yesani masana kutatentha. Imikani galimoto pamthunzi, mutseke mawindo onse, mulize injini ndi kuponda moto pang'ono kuti singano ifike cha pa 1,500. Ikani AC pozizira kwambiri, ndipo mudine batani lozungulitsa mpweya wam'kati womwewo. Tsono lowetsani themometa m'kabowo kapakati ndi kudikira mphindi 10. Kunja kukakhala madigiri 30, makina abwino amatulutsa mpweya wosapitirira madigiri 10. Themometa yoyezera malungo musavutike nayo, siwerenga kuzizira kotere.

Kenaka tsekulani boneti, koma manja ndi mkanjo zitalikire fani ndi lamba. Pagalimoto zambiri, mnzanu akayatsa AC mumamva kaphokoso kamodzi kosonyeza kuti kompuresa yagwira. Pamapaipi ake awiri, yaikulu izizire mpaka kuchita mame, yaing'ono itenthe. Madzi odontha pansi pa galimoto asakuopseni, ndi chinyezi chabe chochoka mumpweya.

Pamene ndalama zambiri zimatayikira ndi pagasi. Gasi wa AC satha ngati petulo, amangozungulira m'mapaipi. Akatha patangopita miyezi yowerengeka, ndiye kuti pena pabooka, ndipo kawirikawiri pamalopo pamaoneka mafuta atagwirana ndi fumbi. Makaniko wongothira wina osafufuza pobookapo adzakuonaninso chilimwe chisanathe.

Gasiyo alinso mitundumitundu. Galimoto zakale kwambiri zinkagwiritsa R12, amene anayamba kuthetsedwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa amawononga mpweya wa ozoni wotiteteza ku dzuwa. M'malo mwake munalowa R134a chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo galimoto zambiri zatsopano za ku Ulaya, makamaka kuyambira 2017, zimabwera ndi R1234yf. Mitunduyi siyenera kusakanizidwa. Mtundu wa gasi ndi muyezo wake zimalembedwa pakapepala komatidwa pansi pa boneti. Kawerengeni limodzi ndi makaniko asanalumikize botolo lake.