Anzathu akulipira ndalama kuti ayende pansi

Mumzinda wa Lilongwe muno munthu woyenda pansi sawerengedwa. Taimani pamsewu uliwonse wa mu Area 11 cha m'ma 6 koloko m'mawa muone. Alonda akuweruka, ogwira ntchito m'nyumba ndi osamalira maluwa akulowa, ena achokera ku Kauma, ena kutali kuposa apo, aliyense fumbi lili mbuu m'miyendo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akuyenda chifukwa chokonda. Ikanakhalapo ya minibasi kapena ya kabaza bwenzi atakwera. Ndiye munthu wotere mukamuuza kuti kuli anthu ena amene amasunga ndalama chaka chathunthu, kukwera ndege, n'cholinga choti adzayende pansi sabata yonse chikwama chili kumsana, akhoza kukufunsani ngati mutu wanu ukukoka bwino.

Komatu anthuwo alipo. Ena amagona m'nyumba za alendo za mu Area 11 momwemo, kufupi ndi Capital Hotel, asanauyambe wa kumpoto. Mwawaonapo kudepoti ya mabasi ku Old Town, nkhope zitafiira ndi dzuwa, akulimbana ndi anyamata oitanira. Timawanena kuti ndi azungu osauka. Pamene tikuwaseka choncho, malonda akutidutsa pakhomo.

M'maiko a anzathu ulendo woterewu ndi bizinesi yokhazikika. Munthu amalipira kampani, kampaniyo n'kumukonzera malo ogona tsiku lililonse, kumupatsa mapu ndi kapepala kofotokoza njira, mwinanso kumunyamulira katundu wolemera pagalimoto kuchoka pamalo ena kukafika pamene akagone. Iye ntchito yake n'kuyenda basi, wopanda womutsogolera, kupuma pamene wafuna, kudya pamene wafuna. Ku Spain kuli njira yakalekale yopita ku Santiago de Compostela, ndipo mu 2023 anthu oposa 400,000 analandira zikalata zosonyeza kuti aimaliza. Midzi ina ya m'njirayo yomwe inkatha anthu inadzukanso chifukwa chogulitsa bedi, buledi ndi khofi. Pafupi pompa ku South Africa kuli Otter Trail, njira ya makilomita pafupifupi 45 m'mbali mwa nyanja ya mchere, ya masiku asanu, yomwe inatsegulidwa mu 1968. Amalola anthu 12 okha kuiyamba patsiku, ndipo ofuna malo amalembetsa kukadali miyezi yambiri. Tangoganizani, kulembetsa pamzere kuti ukatope!

Tsono funso langa ndi ili: kodi ife tilibe njira yoteroyo? Tili nayo, ndipo m'maganizo mwanga ikhoza kupikisana ndi ina iliyonse. Ili kumpoto, kuchokera pamwamba pa Nyika, kutsikira ku Livingstonia, kenaka kutsata gombe la nyanja mpaka ku Usisya.

Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 350 pamsewu wa M1. Kuchoka apo ndi wa ku Rumphi, kenaka msewu wafumbi wodzera pachipata cha Thazima kukafika ku Chelinda, pakati pa nkhalango ya Nyika. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1965 ndipo ndiyo yaikulu koposa zonse m'dziko muno, makilomita oposa 3,000 m'bwalo lake lonse. Amene sanafikeko amaganiza kuti ndi thengo la mitengo yothithikana. Ayi. Ndi zitunda za udzu wokhawokha zotsatizana mpaka pamene maso alekezera, mamita oposa 2,000 kuchokera pamene pali nyanja ya mchere, ndipo nsonga yake ya Nganda imapyola mamita 2,600. Mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zimadya poyera ngati ng'ombe za kwa Mpherembe. Mu June ndi July madzi amatha kuuma m'chidebe usiku. Wa ku Nsanje akapita ndi malaya amodzi akalira.

Kuchokera ku Chelinda kukafika ku Livingstonia ndi ulendo wa masiku atatu, kugona kawiri m'tenti. Gawo ili lokha simungayende nokha. Lamulo la nkhalango limafuna kuti mukhale ndi msilikali wa zanyama wonyamula mfuti, ndipo lamuloli si lachibwana: kuli akambuku, kuli afisi, ndipo mu 2017 anabweretsako njovu 34 kuchokera ku Liwonde. Tsiku lomaliza udzu umatha, mumalowa m'nkhalango zonyowa za kuphedi, kenaka m'minda ya khofi ndi nthochi ya Aphoka. Mukamadutsa m'midzi imeneyi muzikumbukira kuti pamene boma linkakuza nkhalangoyi mu 1978 mabanja ambiri anasamutsidwa pamalo a makolo awo. Ngati pali anthu oyenera kudyerera ulendowu choyamba, ndi ana ndi zidzukulu za anthu amenewo.

Pa Livingstonia, kapena kuti pa Khondowe monga eni ake amanenera, m'pofunika kugonapo kawiri. Mishoniyi inayambira ku Cape Maclear mu 1875, malungo n'kuithamangitsira ku Bandawe mu 1881, mpaka Dr Robert Laws anaikweza paphiri mu 1894. Nyumba yake yamiyala, Stone House, ya mu 1903, ikadalipo ndipo muli zinthu zakale zoti muone. Ana asukulu amaloweza zaka zimenezi pokonzekera mayeso a MSCE, koma ndi angati amene anapondapo? Chapafupi pali mathithi a Manchewe, pamene madzi amagwa mamita pafupifupi 125. Kuseri kwa madziwo kuli mapanga, ndipo akuluakulu a kumeneko amasimba kuti anthu ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni.

Kuchoka apa ndiye mukhoza kuyenda nokha. Msewu wa Gorodi umatsika makilomita 15 kukafika pa Chitimba, kukhotakhota pafupifupi ka 20, nyanja ili tantha patsogolo panu. Pagalimoto msewu umenewu umapempheretsa ngakhale munthu amene anasiya kalekale kupita kutchalitchi. Wapansi ndi wokoma, ndipo kuli tinjira tachidule timene anthu a kumeneko amadzera atasenza matumba a ufa ndi mabasiketi a usipa. Maondo okha ndiwo amadandaula, poti mukutsika mamita pafupifupi 900.

Gawo limene ine ndimaliona kuti ndiye chuma chobisika ndi lotsatirali. Pa Chiweta msewu wa M1 umasiyana ndi nyanja n'kukwera mapiri kulowera ku Mzuzu. Gombe lotsala kum'mwera kwake, kuchokera pa Mlowe kudzera ku Tcharo ndi Ruarwe mpaka ku Usisya, mapiri amachita kugwera m'madzi, moti msewu unasowa podutsa. Chilipo ndi kanjira ka miyendo kamene anthu akhala akuyendamo kuyambira makolo, kokwera, kutsika, kuwoloka timitsinje, kutulukira padooko la asodzi, kukweranso. Ndi ulendo wa masiku atatu kapena anayi, kutengera mphamvu zanu. Simungasochere kwenikweni, chifukwa mukamalowera kum'mwera nyanja imakhala kumanzere kwanu nthawi zonse, ndipo simuyenda nthawi yaitali musanakumane ndi munthu. Safunsa anadya phula. Moni wa Chitumbuka ndi wa Chitonga muphunzireni musananyamuke, amatsegula makomo ambiri kuposa ndalama.

Chakudya chake ndi kondowole, usipa wauwisi, chigwada, nthochi, ndipo mwayi ukakugwerani, batala wowotcha. Pogona mumayamba mwaonekera kwa a nyakwawa, iwo n'kukulozerani poti mukhome tenti, kaya pasukulu kaya pabwalo la munthu. Ku Ruarwe ndi ku Usisya kuli malo ogona alendo. Mukatopa, kuli maboti a matola opita ku Nkhata Bay, komanso Ilala, sitima yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi chiyambire 1951, imaima ku Ruarwe ndi ku Usisya kamodzi pasabata popita ndi pobwera, ikakhala kuti sili pokonzedwa. Musaike mtima wonse pa iyo. Funsani tsiku lake musanachoke, ndipo sungani tsiku limodzi lapadera, chifukwa mwera ukakalipa maboti sayenda.

Pali zina zoti tisabisane. Pamene mtsinje ukuthira m'nyanja si posambira, ng'ona zimakonda pamenepo. M'madzi odekha a m'mabango muli likodzo. Netiweki ya foni imabwera n'kupita, choncho za Airtel Money ndi Mpamba musadalire, nyamulani ndalama zosinthasintha. Chipatala chili kutali ndipo ambulansi yake ndi bwato. Manda salowamo mwachisawawa, ndipo amayi akusamba kudooko sajambulidwa. Miyezi yabwino ndi kuyambira May mpaka September. October dzuwa lake limaswa mtengo, ndipo nthawi ya dzinja timitsinje tija timasanduka zilombo.

Wina anena kuti zoyenda pansi n'zachizungu. Ameneyo mbiri ya dziko lake sakuidziwa. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira kufupi ndi Bandawe yemwe anaphunzira pa Livingstonia pomwepo, anachoka kuno mu 1915 kulowera kum'mwera, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town lomwe linagwedeza South Africa. Legson Kayira, wophunziranso pa Livingstonia, ananyamuka wapansi mu 1958 kufunafuna sukulu ya ku America, nayenda mpaka ku Khartoum, ndipo nkhaniyo anailemba m'buku lake la I Will Try. Agogo athu osawerengeka anapita ku Salisbury ndi ku Joni ndi miyendo yomweyi. Ngakhale azungu oyamba amene amatamandidwa kuti anayendera dziko lino, ambiri ankagona m'machila, oyenda enieni anali amtengatenga. Kusiyana kwake n'kwakuti makolo athu ankayenda mothamangitsidwa ndi msonkho ndi umphawi. N'chifukwa chake mdzukulu wawo akagula galimoto safunanso kuponda pansi, ngakhale popita kukagula buledi paseri pa nyumba. Ndikumumvetsa, koma akumanidwa zambiri.

Pamenepa ndiyenera kuchenjeza, chifukwa nkhani ya kuyenda wopanda wotsogolera ili ndi malire ake. Malirewo ndi phiri la Mulanje. Kumeneko zonse zoyenereza ulendo wa masiku angapo zilipo kale: tinyumba togona pa Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi pena, tili ndi alonda ake ndi nkhuni, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Koma Sapitwa, wa mamita 3,002, sachita naye masewera. Chiperoni chikatsika simuona ngakhale dzanja lanu. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiya womutsogolera kuti amalize yekha kukwera, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata oposa awiri. Komanso anyamata a pa Likhubula ndi pa Fort Lister amadyetsa mabanja awo ndi ntchito yotsogolera ndi kunyamula katundu. Kuwalanda ntchitoyo m'dzina la chitukuko kungakhale kuwakankhira kokacheka mkungudza wotsalawo, mtengo wa fuko lathu womwe watsala pang'ono kutheratu. Ku Mulanje tengani wotsogolera ndipo mulipireni bwino, osachita kunenerera ngati mukugula tomato.

Kunyanja nkhani ndi ina. Mlendo wobwera ndi kampani yaikulu amalipiriratu zonse kunja kapena mumzinda, amadutsa m'mudzi magalasi a galimoto atatseka, ndipo chimene mudzi umapeza ndi fumbi. Woyenda pansi sangasenze chakudya cha masiku anayi. Ayenera kugula nthochi apa, tiyi apo, nsomba madzulo, kulipira pogona, kulipira wopalasa bwato pomuwolotsa. Ndalama zake n'zochepa, inde, koma zimagwera m'manja mwa mayi amene waphika nsimayo. M'dziko limene ndalama zakunja zimasowa mpaka kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, si nzeru kunyoza dola chifukwa yabwera itavala nsapato zafumbi.

Chimene chikusowa si ndalama zankhaninkhani za ma donor ayi. Ndi munthu woti ayende njirayo ndi kope m'manja, alembe kuti kuchoka apa kufika apo ndi maola angati, madzi akumwa ali pati, nyumba iti ingalandire alendo, mtengo wake ndi uti, kenaka agwirizane ndi mafumu kuti mtengowo usamasinthe poona khungu la munthu. Zizindikiro zikhale za penti pamiyala, chifukwa chikwangwani chachitsulo tonse tikudziwa kuti chimakathera kwa wokhoma mbaula. Pamalo pogona pakhale chimbudzi chooneka bwino ndi madzi owiritsa. Boti limene limanyamula makatoni a sopo ndi shuga kuchokera ku Nkhata Bay likhozanso kunyamula zikwama za alendo kukazisiya kumudzi wakutsogolo. Inu amalonda amene mumapita ku Kyela ndi ku Dar es Salaam kukapikula katundu, mumadutsa pa Chiweta ndi pa Chitimba mwezi ndi mwezi muli m'tulo. Tsikanipo tsiku lina mufunse mafunso.

Ndipo tisadikire azungu okha. Ophunzira a ku Mzuni, a pa Livingstonia, a ku Bunda ndi a ku Chanco, mukasonkherana anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi patchuthi, kubwereka tenti imodzi, kunyamula mpoto, ufa pang'ono, mchere, machesi, neti ya udzudzu ndi mankhwala othira m'madzi, ulendo wa Mlowe mpaka Usisya mukhoza kuutha ndi ndalama zimene ena amamwera Loweruka limodzi ku Bwandilo. Nsapato zikhale zimene phazi linazolowera kale, za pakaunjika zolimba zija, osati zatsopano. Uzani munthu kunyumba tsiku limene mukuyembekezera kutulukira ku Nkhata Bay. Muzinyamuka kusanache, kuti pofika 11 koloko mukhale mutapeza mthunzi, ndipo zinyalala zanu zamapulasitiki mubwerere nazo m'chikwama mpaka mukafike kumene kuli dzala.