Kuchokera pa sikelo kufika m'thumba: malipiro a pa makina m'minda ya tiyi ya Honde ndi Chipinge

Tiyi wa ku Zimbabwe amalimidwa m'chigawo cha Manicaland, kumalire ndi Mozambique, komwe kampani ya Tanganda ili ndi maesiteti monga Ratelshoek ndi Jersey ku Chipinge, ya Ariston ili ndi Southdown ndi Clearwater, pomwe ya Eastern Highlands Plantations ili m'chigwa cha Honde. Chiyambire 1924, pamene mbewuyi idabzalidwa pa New Year's Gift, ena mwa othyola masamba akhala ochokera ku Mozambique ndi ku Malawi, ndipo zidzukulu zawo zikadali m'makomboni.

Malipiro a wothyola tiyi amayambira pa sikelo. Dengu likapachikidwa, kalaliki amalemba makilogalamu pa dzina la mwini, kapitawo ali pambali, ndipo mwa kachitidwe kakale kaundulayo ankapita ku ofesi kukawerengedwa pamanja, mwezi ukatha anthu n'kuima pamzere kulandira ndalama m'maenvulopu. Njira yatsopano, yomwe ndi kulipira kudzera m'pulogalamu ya bizinesi, imatanthauza kuti pulogalamu ya pa kompyuta yomwe ikusunga makilogalamu ndi masiku a ntchito ndiyonso imachotsera za penshoni ya NSSA ndi msonkho wa ZIMRA, kenako n'kulamula banki kuti itumize ndalama ku akaunti ya munthu aliyense, popanda wina kukoperanso manambala. Phindu lake ndi loonekeratu, chifukwa mayina a antchito omwe kulibe amachepa, ndalama siziyendanso pa galimoto m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri, ndipo alimi ang'onoang'ono ogulitsa masamba ku fakitale angathe kulipidwa tsiku limodzi.

Komabe mbiri ya dzikoli yaonetsa kuti njirayi imadalira anthu ndi malamulo omwe ali kutali ndi munda. Mu Juni 2019 kampani ya Paynet, yomwe inkalumikiza maofesi a malipiro ndi mabanki, idaimitsa ntchito itasemphana ndi mabankiwo pa nkhani yolipidwa m'madola a ku America, ndipo olemba ntchito ambiri adasowa pogwira. Mu 2020 boma ndi banki yayikulu adakhwimitsa malamulo a ndalama za pa foni, kuphatikizapo EcoCash yomwe kampani ya Econet idayambitsa mu 2011, nalamula kuti malipiro a antchito azidzera ku banki. Kwa munthu wa mu Harare chimenechi chidali chosokoneza chabe, koma kwa mayi wothyola tiyi chidatanthauza ulendo wa ku tauni ya Hauna kapena ya Chipinge, mtengo wa basi ukudya gawo la zomwe wakatenga. Pamwamba pa izi pali msonkho wa pa ndalama zotumizidwa pa makina, womwe udafika pa 2 peresenti mu Okutobala 2018, komanso kusinthasintha kwa ndalama ya dziko, mpaka kubwera kwa ndalama yatsopano ya ZiG mu Epulo 2024.

Chopweteka koposa ndi nkhani ya chitupa. Banki kapena kampani ya foni siyitsegula akaunti popanda chiphaso cha unzika, chikhalirecho mabanja ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique adakhala zaka zambiri akulembedwa ngati alendo, ena osalembedwa n'komwe. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adavomereza unzika wa obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC, koma lipoti la Amnesty International la 2021 lidasonyeza kuti ambiri adali asadapezebe zikalata. Wopanda chitupa amabwereka nambala ya mnzake, ndipo thukuta lake limalowa m'dzina la wina.

Eni maesiteti pamodzi ndi bungwe la antchito a m'minda la GAPWUZ akuyenera kuonetsetsa kuti wothyola aliyense akulandira kapepala kosonyeza makilogalamu ake ndi zonse zomwe zadulidwa, ndiponso kuti olembetsa zitupa akufika m'makomboni momwemo, anthu asadakakamizidwe kulandirira pa makina.