Okonza Mawaya a Njinga pa Mauwa

Ukafika pa Mauwa m'boma la Chiradzulu, yang'ana pamthunzi m'mbali mwa msewu. Upeza bambo atakhala pachitsa, pambali pake pali bokosi la masipanala, pampu, beseni la madzi oyesera chubu, ndi mawaya atakolekedwa pamsomali. Ambiri amangoti ndi womata matayala. Ine ndimamuona ngati mlonda wa miyoyo ya anthu, ndipo chifukwa chake ndi kawaya kaja.

Chiradzulu ndi dziko la zitunda. Mlimi wotsika ndi zigubu za mkaka kupita kumalo kumene alimi amasonkhanitsira mkaka, mayi wonyamula dengu la tomato, wakabaza wothamangira ndi wodwala kuchipatala cha Mauwa, onsewa moyo wawo uli pa buleki. Njinga zakale zakuda zija zinali ndi mabuleki a timitengo tachitsulo. Zamasiku ano zambiri, pamodzi ndi njinga zamoto zimene zadzaza m'misewu, zimadalira kebulo: waya wopotedwa ndi tizingwe tachitsulo, woyenda m'kati mwa chikhokho chake. Luso limeneli linatchuka ku England cha m'ma 1890 ndi dzina la Bowden, ndipo mpaka lero silinasinthe kwenikweni.

Kebulo siduka mwadzidzidzi ayi. Imayamba yachenjeza. Fumbi la m'chilimwe limalowa m'chikhokho, mvula ikabwera dzimbiri n'kugwira, chogwirira n'kuyamba kulimba. Kenako tizingwe timathothoka kamodzikamodzi, makamaka pafupi ndi kamutu kamene kamakola pachogwirira. Makanika wodziwa ntchito amangofinya kawiri n'kunena kuti, "Achimwene, iyi yatha, musadikire kuti ikudukireni pamtsetse." Wakabaza amayankha kuti, "Madala, ingomangani, lero sindinagwire kanthu." Apa ndi pamene amisiri amasiyanirana. Wina amamanga mfundo n'kulandira kangachepe. Wina amakana, ngakhale akudziwa kuti kasitomala apita kwa mnzake wa patsidya. Wokanayo ndiye ndimamuvulira chipewa.

Kusinthako kumaoneka kophweka, koma kuli ndi mwambo wake. Asanasolole yakale, amayang'ana njira imene inadzera, chifukwa kebulo ikapindika kwambiri pansi pa thanki ya njinga yamoto imalimba ngakhale ikhale yatsopano. Amadontheza oyilo m'chikhokho mpaka atulukire kunsi. Akakola mbali zonse, amasiya kampata pang'ono pachogwirira. Ya kilatchi ikakungika kwambiri, njinga imafooka pachitunda ndipo mapuleti amapsa. Ikakhwepa, magiya amavuta kulowa. Muyezo wa kampatako ali nawo m'zala.

    

Nanga luso limeneli amaliphunzira kuti? Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, koma ambiri mwa amisiriwa sukulu yawo inali kukhala pambali pa malume kapena mkulu wawo. Mnyamata amayamba ndi kupopa matayala ndi kutsuka maunyolo, ndipo pamapita miyezi asanaloledwe kukhudza buleki ya munthu.

Chimene chimawawa ndi zipangizo. Zambiri amakazigula ku Limbe, ndipo kwacha ikagwa mphamvu, monga inagwera mu Novembala 2023, mitengo imakwera pamene makasitomala ali omwewo, osauka omwewo. Pamsika pamadzazanso makebulo osalimba, oti kamutu kake kamazuka sabata isanathe, ndipo wotukwanidwa amakhala makanika. N'chifukwa chake sataya kanthu. Waya wakale wa kilatchi amamudula n'kumusunga pamsomali paja, kudikira njinga yakapalasa imene idzafune waufupi.