MADZI AKAMATAYIKA PANSI PA SIMENTI, MUSATHAMANGIRE NYUNDO

M'chilimwe chapitachi tidapita kwa Champiti m'boma la Ntcheu kukaona nyumba yatsopano ya alamu athu, imene adamanga ndi ndalama za ku Joni. Ndi nyumba yosiririka ndithu: njerwa zowotcha, malata, pansi pakonkire ndi matailosi, bafa ndi chimbudzi chamadzi zili m'kati momwemo. Koma eni ake tidawapeza nkhope zili zakugwa. Thanki imene ankadzaza madzulo inkapezeka itatsika m'mawa, chonsecho palibe amene adatsekula mpopi usiku. Munsi mwa khoma la pafupi ndi bafa penti inali itayamba kusupuka. Mmisiri wina anali atawauza kale kuti agule simenti ndi matailosi ena, popeza ayenera kuswa pansi kuyambira kukhitchini mpaka kubafa.

"Alamu, nyumbayi sidathe ndi zaka ziwiri zomwe, ndiye tiyambenso kugumula?" adatifunsa modandaula.

Tikudziwa kuti ambiri a inu ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota mukumanga nyumba zoterezi, choncho mvetserani zimene tidaphunzira kumeneko.

Chimadonthetsa paipi yatsopano n'chiyani?

Pomanga nyumba yotere, mapaipi amayalidwa poyamba, kenaka konkire amathiridwa pamwamba. Vuto limayambira nthawi imeneyo. Mwina polumikizira padaperewera guluu, mwina wilibala idaponda paipi n'kuing'ambula pang'ono, mwinanso dothi lothira m'maziko silidatsindiridwe bwino ndipo likamatitimira limakoka paipi. Kumene kuli dothi lamakande, lomwe limafufuma m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, vutoli limakula. Ndipo musapeputse kadontho. Dontho limodzi pa sekondi iliyonse limataya pafupifupi ndowa ya malita 20 pa tsiku.

Dziwaninso kuti si nthawi zonse pamene kuchepa kwa madzi pampopi kumatanthauza kuti paipi yaboola. Damu la Mpira ku Ntcheu komweko, limene madzi ake amatsetsereka okha m'mapaipi mpaka ku Balaka, lidaphwa mu 2018. Madzi akasiya kwa nthawi chomwechi, pobwerera amadza ndi mpweya ndi matope. Masulani kasefa kakukamwa kwa mpopi mukatsuke, ndipo tsekulani mipopi yonse kuti mpweya utuluke.

Kufufuza popanda kuswa

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tidayamba ndi choko. Madzulo tidatseka mipopi yonse, tidalemba mzere pamene madzi adalekezera m'thanki, ndipo m'mawa tidapeza atatsika. Amene muli ndi mita lembani manambala ake pogona, mukaonenso podzuka.

Chachiwiri tidayesa chimbudzi, chifukwa kathanki kake ndiye mbala yaikulu ya madzi m'nyumba zambiri. Tidathiramo tiyi wakuda bii wopanda mkaka n'kudikira theka la ola osagujumula. Madzi a m'mbale akadasintha mtundu, tikadadziwa kuti labala yam'kati yatha. Sadasinthe.

Usiku wachiwiri tidatseka chotsekera chachikulu cha pamene paipi imalowera m'nyumba. M'mawa madzi anali pamzere pomwepo. Apa tidatsimikiza kuti paipi ya pabwalo ili bwino, vuto lili m'nyumba.

Usiku wachitatu, ana atagona, tidatenga kachitsulo katali, mbali ina n'kugunditsa pampopi, ina pakhutu. Kukhitchini kunali zii, koma pampopi wa kubafa tidamva kaphokoso ngati ka mpweya wotuluka m'tayala la njinga. Chenjerani pano: pamene paoneka chinyontho si nthawi zonse pamene paipi yaboola, pakuti madzi amayenda pansi pa konkire kufuna potulukira. Inu a kunyanja, mchenga umamwa madzi msanga, motero nyumba ikhoza kudontha miyezi yambiri popanda kunyowa paliponse.

M'malo moswa, lambalalani

Tidaitana pulambala wina, munthu wachikulire wodekha. Atamva zonse, adadula nthambi yopita kubafa pamene idayambira, naitseka. Usiku umenewo thanki sidatsike. Kutacha adayala paipi yatsopano kunja motsata khoma, naikwirira, naboola kabowo kamodzi kolowera kubafa. Paipi yakale idasiyidwa pansi pomwepo yopanda madzi. Palibe tailosi ngakhale imodzi imene idasweka, ndipo ndalama ya simenti ija idapita ku fizi ya ana.

Mapaipi otaya madzi oipa

Ngati sinki, bafa ndi chimbudzi zikuchedwa kumeza madzi nthawi imodzi, chatsekeka ndi paipi yaikulu ya mamilimita 110, kapena dzenje ladzaza. Vundukulani chivundikiro cha panja muone. Fungo loipa m'bafa losagwiritsidwa ntchito kawirikawiri limadza chifukwa madzi a m'kapaipi kopindika kapansi aphwa. Thiranimo jagi imodzi basi. Mafuta ophikira, mamba a nsomba ndi mchenga wotsukira miphika zisalowe m'sinki.

Kwa inu amene mukumanga

Musalole kuti konkire athiridwe mapaipi asanayesedwe. Adzazeni madzi, muwatseke, agone choncho tsiku lathunthu inu mukuona. Pansi pa konkire pasakhale polumikizira ngati n'kotheka, ndipo pamene paipi ikubowola khoma idutse m'kati mwa paipi ina yokulirapo. Paipi ya chimbudzi itsetsereke pafupifupi masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Khitchini ndi bafa zikhale ndi zotsekera zakezake. Pomaliza jambulani mapaipi onse ndi foni asanakwiriridwe, ndipo mayi a m'nyumba ndi ana okulirapo adziwe pamene pali chotsekera chachikulu, chifukwa paipi ikamaphulika bambo amakhala ali kunyanja kapena ku Joni.

Potsanzikana, alamu athu adatiperekeza mpaka kumsewu. Choko chija adachisunga pawindo la kukhitchini, ndipo akuti mwezi uliwonse amalembabe mzere pathanki.