Tisanalipire galimoto, tiyambe tagwada pa matayala

Tikalowa pamalo ogulitsira magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ku Lilongwe kapena ku Blantyre, maso athu amathamangira penti ndi wailesi. Wogulitsa amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake Sienta kapena Vitz ija amaipukuta mpaka kunyezimira. Koma moyo wa ana athu pa msewu wa M1 udzadalira matayala.

Magalimoto ambiri amachokera ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam, ndipo ena amafika atavala matayala a nyengo yozizira ya kumeneko. M'mbali mwake mumalembedwa kuti studless. Labala wake ndi wofewa: pa phula lotentha la mu Okutobala amatha msanga, ndipo tikaponda mabuleki galimoto imachedwa kuima.

Tionenso manambala anayi osonyeza tsiku lobadwa la tayala. 2318 akutanthauza mlungu wa 23 wa chaka cha 2018. Tayala lokalamba limauma ndi kuchita ming'alu, ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya. Likapitirira zaka 6, tinenerere mtengo kuti ndalama yotsalayo igule atsopano.

Malamba a mipando yakumbuyo tiwakoke limodzilimodzi, chifukwa ana amakhala komweko. Nambala ya chasisi ifanane ndi ya m'mapepala. Makaniko tibwere naye wathu, osati wa pamalopo.

Ndipo tisakagule Lachisanu masana. Mtima ukakhala pa kulowa kwa dzuwa, "Bwana, wina akuifunanso lero" amatigonjetsa mosavuta. Tipite Lachiwiri m'mawa.